Ku Siteshoni Kopanda Njanji

Amene anayamba kundiuza anali a Mbewe, aja oyendetsa thirakitala, amene inu ana mumawaseka chifukwa cha chipewa chawo chaubweya chimene savula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Anandipeza Lachitatu m'mawa ndikuswa mtedza pakhonde. Ndinawapatsa mpando koma anakana kukhala. Anati anthu a kampani imene yabwereka pulazi ino akhoma zikhomo zomangirira nsalu zofiira kuchokera pa mabalani akale a fodya kutsetsereka mpaka ku Siteshoni, ndipo chikhomo china chili kumutu kwenikweni kwa agogo anu aamuna. Katapila wosalaza malowo, anatero, afika Lolemba.

Mtedza uja sindikudziwa amene anadzaulowetsa m'nyumba.

Ndikulemba izi m'kope la sukulu kuti nonse muwerenge, inu muli ku Harare ndi inu muli ku Joni, amene Chichewa chanu chatsala cha moni wokha. Mukalephera mawu ena funsani makolo anu, musachite manyazi. Ine sukulu ndinalekeza mu giredi sikisi, choncho zolakwika muzingozilumpha.

Ndiyambe ndi Siteshoni, chifukwa ena a inu mukuganiza kale za sitima. Pa pulazi ino njanji sinadutsepo. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, anadutsa ku Tete, nafika kuno mapazi atang'ambika. Ankati adzagwira ntchito zaka ziwiri, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Anzawo onse ankatero. Ndiye munthu woyamba atamwalira m'komboni muno, akuluakulu anakana kunena kuti amuika m'manda, poti manda a munthu amakhala kwawo. Anati amusiya pa siteshoni, akudikira sitima ya kumudzi. Dzina lija linakhala. Ine ndinakula osamvapo munthu wa m'komboni akunena kuti manda. Tinkati wakuti tamuperekeza ku Siteshoni. Ana aamuna akachita mwano ankauzidwa kuti asafulumire kugula tikiti.

Kumeneko kuli bambo anga ndi mayi anga. Kuli amuna anga, agogo anu aamuna, a Chisale. Ziliza za simenti tinalibe. Tinkazungulira manda ndi njerwa zokanika za pa mabalani, ndipo kumutu tinkazika chidutswa cha paipi yakutha, ija inkayendetsa moto wowumitsa fodya. Ena ankalembapo dzina ndi penti, koma mvula yakhala ikufufuta. Mukumbukire njerwa ndi mapaipi amenewa, nkhani yonse yagona pamenepo.

Agogo anu anali mmisiri womanga. Mabalani onse mukuwaona ataima ngati matchalitchi opanda mawindo aja, manja awo anadutsapo. Zida zawo zinkakwana m'thumba limodzi la feteleza: chingwe, mpeni womangira, chikombole choumbira njerwa, ndi kabotolo ka madzi kamene ankakagoneka pakhoma kuti aone ngati lawongoka. Pulani inali m'mutu. Mzungu akabwera ndi pepala, iwo ankaliyang'ana mwaulemu, kenako n'kulipinda n'kuikamo fodya wawo. Ankadziwa pamene pali chulu, pamene madzi amakhala mvula ikagwa, pamene sipayenera kukumbidwa. Akafuna chida ankangotambasula dzanja, ine kapena amene ali pafupi n'kuwapatsa. Tsiku lina ndinawapatsa mpeni wa ndiwo m'malo mwa womangira, nkhani imeneyo anaifotokoza pa maukwati onse mpaka tsiku lawo lomaliza.

Ntchito ya atate ake anaitengera ndi mwana wanga womaliza, azakhali anu a Edina, amene inu mumati tete. Iye samanga ndi manja, amajambula nyumba pa kompyuta ku ofesi ina ku Harare. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali atandiimbira foni mosangalala kuti ofesi yawo yapatsidwa ntchito yojambula shedi yaikulu yosankhiramo fodya pa pulazi yathu yomwe ino, ndipo iye wapatsidwa denga ndi zitseko. Ndinathokoza Mulungu tsiku limenelo, ndinanenanso pa mapemphero a amayi. Sindinafunse kuti shediyo ikhala pati.

A Mbewe atachoka ndinamuimbira. Anati sizingatheke, chifukwa anthu oyeza malo anabwera ndi kandege kawo kojambula, ndipo chilichonse cha pa pulazi chili m'kompyuta, ngakhale zitsime ndi mitengo ikuluikulu. Pakanakhala manda akanalemba. Ndinamuuza kuti atate ake ali ndi nsalu yofiira kumutu. Anati afika Lachisanu.

Masiku awiri amenewo ndinali ngati munthu wodwala malungo. Ndinkayamba pemphero n'kulitaya pakati. Ife, ana inu, tilibe pepala la malo ano. Pulazi itagawidwa tinatsala m'komboni mwa chifundo cha eni atsopano, tikukhalira maganyu, amene kuno amati maricho. Ukakweza mawu amakukumbutsa kuti kwanu n'kutali. Koma kwathuko ine sindinapondeko, ndipo amene ankadziwa njira onse ali ku Siteshoni. Ndinkadzifunsa kuti katapila akadutsa, ndidzakuonetsani chiyani mukadzafunsa kumene munachokera? Panalinso chinthu china chimene chinkandidya mumtima, chimene ndinali ndisanauzepo mwana wanga aliyense. Ndifikapo.

Edina anatsika kombi ku Banket, nakwera lole ya chimanga mpaka pageti. Kale ulendo womwewo tinkauyenda pa ngolo ya thirakitala kamodzi pa mwezi, titavala zoyera ngati tikupita ku ukwati, kukagula sopo ndi matemba, pobwerera tonse tili ofiira ndi fumbi. Inu mumadandaula kombi ikachedwa theka la ola. Loweruka m'mawa tinapita ku tchalitchi, chifukwa n'kumene kuli magetsi a dzuwa, tinakhala pa benchi ya kwaya, iye n'kutsegula laputopu yake.

Ndinaona pulazi yathu yonse ili m'kagalasi. Ankaitembenuza ndi chala ngati mbale. Mabalani a atate ake anali momwemo, damu, komboni, ngakhale denga la nyumba yanga. Shedi yatsopano inaima yoyera, yaitali, zitseko zake zili kale m'malo ngakhale njerwa imodzi isanaumbidwe. Anati chimenechi amachitcha modelo, ndipo chinthu chilichonse m'menemo chili ndi dzina ndi mbiri yake. Pamwamba panali kabokosi kakang'ono kopanda kanthu. Anati ukalembamo dzina la chinthu, kompyuta imasaka m'modelo monse n'kukutengera pamene chili. Ukalembamo dzina la chida, chidacho chimatseguka chokha, osachita kuchifunafuna. Kuti ndimvetse analemba mawu a Chingerezi otanthauza chitseko, ndipo zitseko zonse zinayaka buluu, m'mbali n'kutuluka mndandanda wa kutalika ndi kufupika kwake. Ndinati atate ako akanakonda chimenechi, sichingawapatse mpeni wa ndiwo. Anaseka pang'ono.

Kenako analemba manda m'Chingerezi. Kabokosi kanayankha kuti palibe. Analemba mawu ena a Chingerezi a malo oika maliro. Palibe. Analemba makuva, m'Chishona. Analemba manda m'Chichewa chathu. Palibe, palibe.

Ine ndinkadziwa kuti anthu anga alipo, ndinali nditalimirako udzu mwezi wathawo. Koma chinthu chimene akuluakulu a ntchito amakhulupirira chinkati kulibe, ndipo katapila amamvera chimenecho, samvera mayi wokalamba. Edina anasendeza chithunzi kufika pamene pali shedi, koma pansi pake sipankaoneka kanthu, poti anali atasalazapo kale m'kompyutamo. Anati zinthu zimene zikuchotsedwa zimabisika, ndipo n'zambirimbiri, mipanda yakale, zitsa, milu ya zinyalala. Kuti azitsegule chimodzichimodzi Lolemba likanatipeza. Bwana wakenso sakanaimitsa ntchito chifukwa cha mawu okha, ankafuna kuona m'modelo.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinanene msanga dzina lija. Ndikuuzani zoona, ndinkachita nalo manyazi. Ndinkaganiza kuti makina a anthu ophunzira sangadziwe mawu a m'komboni. Edina nayenso anachoka kuno ali wamng'ono kupita ku sukulu yogonera komweko, anazolowera kutchula zinthu ndi mayina ake a m'mabuku. Ndinatseka maso ndi kupemphera chamumtima, ndipo m'pempheromo ndinati, Ambuye, kumbukirani anthu anu a ku Siteshoni. Ndinazindikira kuti ndalankhula mokweza pamene Edina anandigwira mkono.

“Amayi, mwati chiyani?”

“Ndati anthu a ku Siteshoni.”

Analemba. Chithunzi chinathamanga chokha, kudutsa mabalani, kutsetsereka, n'kukaima pansi pa ngodya ya shedi. Panatuluka timilu tambiri tofiira, tondondozana m'mizere. Edina anawerenga zolembedwa m'mbali pang'onopang'ono, akundimasulira: siteshoni yakale yopopera madzi, njerwa zogumuka ndi mapaipi adzimbiri, zichotsedwe.

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinaloza kamulu kachitatu mu mzere wa kumapeto ndi kumuuza kuti awa ndi atate ako.

A Mbewe anali atabwera kudzasesa m'tchalitchi, ndipo anamva zonse. Anavula chipewa chija, ine kuona mutu wawo koyamba m'zaka makumi awiri. Anati oyeza malo aja atabwera, kandege kawo kanalephera kuona bwino pansi pa mitengo, ndiye mmodzi anawafunsa ali pa thirakitala kuti njerwa ndi mapaipi zili m'thengomo n'chiyani. Iwo anayankha kuti ndi Siteshoni, yakalekale. Munthu uja analemba, nathokoza, napita. A Mbewe ankangobwereza kuti, “A Nabanda, ine ndinayankha zoona.” Ndinawauza kuti avale chipewa asanatichititse mantha, cholakwa palibe, aliyense wa ife akanayankha chimodzimodzi.

Apa m'pamene ndinaona ntchito ya mwana wanga. M'kabokosi komwe kaja analemba dzina la chida china, chinatseguka, anazungulira nacho timilu tonse ndi mzere wokhuthala. Analemba dzina la china, chimene chimaonetsa zinthu zikagundana, ndipo ngodya ya shedi inayaka pamene yapondera anthu. Anajambula zimenezo n'kutumiza kwa bwana wake, kenako anatuluka panja kukaimba foni. Ndinkamuona pawindo akuyendayenda, dzanja lili pachipumi. Atabwera anati bwanayo wadzidzimuka kwambiri, afika yekha Lolemba m'mawa, koma akufuna kuti manda alionse alowe m'modelo ndi dzina la mwini wake, kuti eni kampani asadzanene kuti ndi milu chabe.

Masana amenewo tinapita ku Siteshoni ndi okalamba onse amene akuthabe kuyenda. Edina ankaima pa manda alionse ndi foni yake yoloza malo, ife n'kutchula dzina. Panali kukangana ndithu. Amayi awiri anatsutsana za manda ena mpaka mmodzi anakumbukira kuti mwini wake anali wamfupi, ndiye sangakhale m'manda aatali aja. Ena tinawakumbukira ndi mayina a ntchito okha, monga a Kapitawo ndi a Telala. Anayi tinalephereratu. Amenewo Edina analemba kuti Mlendo, ndi nambala.

Dzuwa litapendeka anandionetsa kuti onse alowa m'kati mwa mzere. Anthu anayamba kubwerera. Ine ndinafunsa za kamzere kena kotuwa kamene kankachoka pa shedi kutsata m'mphepete mwa dambo. Anati ndi msewu watsopano wa malole, koma ndisadandaule, ukudutsa kunja kwa manda.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Ana inu, atate anu aakulu a Yosefe mumawadziwa ngati mwana wanga woyamba. Sali oyamba. Ndisanabereke iwo ndinali ndi mwana wamwamuna, nthawi yokolola fodya, ndikugwira ntchito m'shedi yakale mpaka tsiku lomaliza. Anakhala masiku atatu. Mwana wotero, mwa mwambo wathu, sankapita ku Siteshoni ndipo anthu sankamulira maliro. Amayi akuluakulu okha ankamutenga m'mawa kukamuika m'mphepete mwa dambo, pa dothi lonyowa, m'dzenje losaya, opanda njerwa, opanda paipi. Dzina anali asanapatsidwe. Amayiwo anandiuza kuti ndisalire mokweza ndipo ndisamutchulenso, kuti ana ena abwere. Ndinamvera. Ena anabweradi, asanu, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa aliyense. Koma mayi anga anandilozera malowo mobisa, pafupi ndi mtengo wa mkuyu, ndipo zaka zonsezi ndikapita kukatchera ndiwo ku dambo ndinkadutsira pamenepo. Amayi amene anamunyamula onse anapita. Wodziwa ndinatsala ndekha.

Kandege sikakanamuona. Kabokosi sikakanamupeza, ngakhale ulembe m'chilankhulo chanji.

Ndinamuuza Edina zonsezi tili awiri. Sanandifunse chifukwa chimene ndinabisira. Anandidzutsa, tinatsetsereka mpaka pa mkuyu, ndinamuonetsa pamene pali udzu wofanana ndi udzu wina uliwonse. Chikhomo cha msewu chinali mapazi ochepa kuchokera pamenepo. Anaima, naika chizindikiro, kenako anakhala akuyang'ana foni.

“Amayi, ikukana kusunga popanda dzina. Ndilembe Mlendo?”

Ndinati ayi, ameneyu si mlendo. Anati ndiye ndinene dzina, iye adikira. Ndinaima pamenepo, mayi wa zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndikusankhira dzina mwana amene akanakhala ndi imvi tsopano. Ndinaganiza za atate ake kumtunda kuja, ndi agogo ake, ndi onse amene anauzidwa kuti sitima ikubwera.

“Lemba kuti Dikirani. Dikirani Chisale.”

Analemba. Ndipo ndinalira maliro amene ndinawasunga zaka zoposa makumi anayi, mwana wanga wamkazi atandigwira, achule akuyamba kulira m'dambo.

Lamulungu ndinapita ku tchalitchi koma ulaliki sindinaumve. Lolemba katapila anafikadi, atakwezedwa pa lole yaitali. Bwana wa Edina anachedwa. Woyendetsa katapila anatsitsa makina ake, nawaliza, utsi n'kukwera. A Mbewe anakaimika thirakitala yawo pakati pa njira n'kunena kuti yafa, ngakhale tonse tinaimva ikubwera bwinobwino. Patapita nthawi galimoto ya bwana inatulukira. Anali bambo wachikulire, wolankhula pang'ono. Anayenda m'mizere yonse ndi Edina, laputopu ili m'manja, akuwerenga dzina pagalasi ndi kuyang'ana pansi. Pa manda a agogo anu anazula yekha chikhomo chija. Anafunsa kuti ndani anamanga mabalani, ndipo Edina atamuuza, anangogwedeza mutu nthawi yaitali.

Shedi anaisuntha, ikumangidwa kumene kunali bwalo la mpira. Ku Siteshoni tsopano kuli waya. M'modelo Edina anafufuta mawu aja a zopopera madzi, ndipo anandifunsa kuti alembe dzina liti. Ndinati alembe onse, manda, makuva, la Chingerezi, ndi Siteshoni, kuti aliyense wosaka apeze.

Za msewu sizinathe. Bwana uja anati kuukhotetsa kukufuna chilolezo cha eni kampani, chifukwa mbali inayo kuli thanthwe, ndipo ayankha mvula ikatha. Chikhomo cha pa mkuyu chikadalipo, nsalu yake yayamba kuyera ndi dzuwa. Ndimapitako m'mawa uliwonse kukaona ngati sichinasunthe. Ndikamva lole yaikulu pageti ndimasiya chilichonse chili m'manja. Edina amati ndisaope, chizindikiro chili m'modelo ndipo aliyense wotsegula msewuwo m'kompyuta chimamuyakira. Ndimamukhulupirira mwana wanga. Koma ndinaonanso ndi maso anga kuti chinthu chikhoza kukhala m'menemo n'kulembedwa kuti chichotsedwe.

Tsono inu amene mumakhalira kugogoda mafoni ngakhale pa nthawi ya chakudya, ndakupatsani ntchito. Lowezani mayina awa monga mumalowezera nyimbo zanu zosamveka zija: agogo anu a Chisale, mzere wa kumapeto, manda achitatu. Bambo anga a Banda ndi mayi anga a Naphiri, pafupi ndi chulu. Ine ndikadzapita mudzandiike pambali pa a Chisale, malo alipo, ndinawaonetsa kale a Mbewe. Wina akadzakufunsani kuti m'thengomo muli chiyani, mudzanene dzina lathu lija, koma mudzawonjezere kuti muli anthu.

Ndipo mukamapemphera, kaya m'Chishona kaya m'Chingerezi, Mulungu amamva zonse, mutikumbukire ife a banja la a Chisale pa pulazi ino mpaka yankho la msewu libwere. Powerenga ana anga musamatinso asanu. Muziti asanu ndi mmodzi, ndipo muziyambira pa Dikirani.